Atatu kwa Atatu ku Msekese

A Timoteyo Kamzimbi sanaphunzire kuyendetsa misonkhano m'kalasi. Anaphunzira ataima m'mbali mwa khoma, ketulo ili m'manja. Kwa zaka 26 anagwira ntchito pa koleji ya mpingo ku Kachebere, kwawo komwe anabadwira, ndipo ntchito yawo inali yosesa m'maofesi, kuperekera makalata ndi kuthira tiyi akuluakulu akakhala pamsonkhano. Munthu wothira tiyi sawerengedwa. Anthu amalankhula zonse ngati m'chipindamo muli mipando yokha, ndiye a Timoteyo ankangotchera khutu.

Anaona kuti msonkhano wokhala ndi ajenda, mndandanda wa nkhani wolembedwa tsiku lisanafike, unkatha tiyi asanazizire. Wopanda ajenda unkamwa maketulo atatu, anthu n'kutuluka osayang'anana. Anaonanso mkulu wina wa imvi, yemwe ankakhala pampando wakutsogolo, akuchita chinthu chomwe chinawakhala m'mutu moyo wawo wonse. Manja akafanana, uku atatu uku atatu, mkuluyo sankafunsa mtima wake. Ankati mfundo yomwe yalephera kukopa anthu ambiri isasinthe kanthu, zinthu zikhale momwe zinalili, ndipo ankavota yokana ngakhale mfundoyo ikhale yoti iye mwini ankaifuna.

Atapuma ntchito mu 2011, a Timoteyo ndi akazi awo a Emelda anagula poloti ku Msekese, pakati pa boma la Mchinji ndi boda ya Zambia. Nthawi imeneyo kunali nyumba zisanu ndi zitatu ndi minda ya mtedza. Pasanathe zaka ziwiri nyumba zinamera ngati bowa, aliyense kumanga poyang'ana komwe mtima wake wafuna, wina kukumba chimbudzi pomwe mnzake ankati ndi njira. Eni nyumba akasonkhana kuti akambirane, ankayamba ndi pemphero n'kumaliza ndi kutukwanizana. Tsiku lina a Timoteyo anafika pamsonkhano wotere atapanira kope kukhwapa. Anawasankha kukhala wapampando tsiku lomwelo, ndipo kunena zoona anasankha kopelo, poti mwini wake anali asanalankhule n'kamodzi komwe.

M'kopemo analembamo malamulo a Komiti ya Eni Nyumba a ku Msekese. Komiti ikhale ya anthu asanu ndi atatu, ndipo maudindo azigawana okha. Nkhani yomwe sinalowe pa ajenda pofika Lachitatu siivoteredwa Loweruka. Voti ndi dzanja, ndipo dzanjalo likhale m'chipinda. Wapampando sakweza dzanja, kuti ovota akhale asanu ndi awiri ndipo manja asamafanane kawirikawiri. Akafanana, wapampando amavota kuti zinthu zikhale momwe zinalili. Mfundo ikagwa, imagona miyezi isanu ndi umodzi isanabwerenso pa ajenda. Anthu akadandaula kuti malamulowo achuluka, iwo ankayankha kuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Ankakumana Loweruka loyamba la mwezi, 2 koloko masana, m'kalasi ya sukulu ya mkaka. Anthu akuluakulu, ena a mimba zawo, ankakhala pa timipando ta ana mawondo ali pachibwano. A Tcheya, monga aliyense ankawatchulira, ankabwera ndi kapu yachitsulo ndi sipuni ya tiyi. Munthu akayamba kusochera, kuchoka pa nkhani ya mjigo n'kulowa ya apongozi ake, sipuni inkalira pakapu, ngwee, munthu n'kubwerera. Misewu inawongoka ku Msekese, dzenje la zinyalala linapeza malo ake, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi palibe anamenyana pamsonkhano. A Timoteyo ankanyadira zimenezi kuposa china chilichonse, ndipo sankabisa.

Munthu amene malamulowa anamuluma kwambiri anali Rodrick, wachiwiri kwa wapampando. Rodrick anayendetsapo mathiraki zaka zambiri kupita ku Lusaka, ndipo lilime lake linatsalira komweko pang'ono. Chaka china anabweretsa mfundo yoti mjigo watsopano ukumbidwe kumbali yake. Mnzake amene akanamuvotera anachedwa kutsidya kwa boda, ndiye anaimba foni n'kunena kuti amuwerengere. A Timoteyo anayang'ana foniyo n'kufunsa ngati ili ndi dzanja. Manja anafanana, a Tcheya anavota yokana, mfundo inagwa. Rodrick sanawapatse moni mwezi wathunthu.

Rodrick yemweyo ndi amene anamanga mpanda waukulu kumapeto kwa Msekese, woti mathiraki odikira mapepala pa boda azigonamo. Njira zofikira kumpandako zinali ziwiri. Ina inali yaitali, yozungulira kuchigayo, yamabampu. Ina inali yaifupi, yodutsa pakati pa nyumba, ndipo nyumba yoyamba pamsewu umenewo inali ya a Kamzimbi. Madalaivala si opusa, ankadutsa yaifupi. Amayi angapo a mumsewumo anayamba kuwaphikira mpunga ndi tchipisi, ena kuwabwereketsa zipinda, ndipo kwa iwo phokoso la thiraki linali nyimbo.

Kwa a Emelda linali lina. Anali ndi mphumu kuyambira utsikana, koma yofatsa, yobwera mu June n'kupita. Mathiraki atayamba kudutsa khumi, khumi ndi asanu pa tsiku, fumbi lofiira linkalowa m'nyumba ngakhale mazenera atatsekedwa. Ankapachika zitenje zonyowa m'mazenera, ankakolopa katatu pa tsiku, koma chifuwa chinkalira ngati mluzu. Mu July chaka chatha anagonekedwa m'chipatala kawiri. Dokotala sanazungulire: mayiwa achoke pafumbi, kapena fumbi lichoke pa mayiwa. Mwana wawo Millicent, yemwe anakwatiwa ku Mkanda, anati abwera kudzawatenga. A Emelda anakana. Anati akhala ndi bambo a Millicent zaka 41 osagona midzi yosiyana, ndipo thiraki siingawasamutse pomwe amuna awo ndi wapampando wa komiti.

Mfundo anaibweretsa Felista, mlembi wa komiti, mphunzitsi wa pulayimale wosachedwa kupsa mtima. Inali yoti pakhomo pa msewu waufupi pakumbiridwe zitsulo ziwiri, njinga ndi magalimoto aang'ono zizidutsa, mathiraki azizungulira kuchigayo. Felista anali atawerenga kale manja. Iye, mayi Anasi ogulitsa zitenje za ku Chipata ndi anthu ena awiri, anayi. Rodrick ndi anzake awiri, atatu. Lachitatu anapita ndi ajenda kwa a Tcheya kuti asayine, msewu uli pa nambala 3.

A Timoteyo anavala magalasi, anawerenga, n'kutenga cholembera. Anakhwatcha msewu pa nambala 3 n'kuulemba pansi penipeni, nambala 7.

"A Tcheya, mukutani?" anafunsa Felista.

"Nkhani imeneyi ikukhudza nyumba yanga. Ndikaiika pamwamba, anthu anena kuti Kamzimbi wayamba kudzidyera."

"Anene! Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Mayi akudwala, Msekese yense akudziwa."

"Nkhani ya mbuzi za a Benedict inalembetsedwa kale mu June. Ziyambe zomwe zinayamba."

Felista anatuluka akung'ung'udza. Ine ndimati pamenepa ndi pomwe a Timoteyo analakwitsa, ndipo kunali kulakwitsa kwa munthu wowopa miseche kuposa matenda. Palibe lamulo lililonse m'kope lawo lomwe linkanena kuti nkhani ya wapampando ikhale yomaliza.

Loweruka loyamba la August onse asanu ndi atatu anabwera. Pemphero linali lalifupi, maminitsi a msonkhano wapita anavomerezedwa msanga. Kenako zinalowa mbuzi za a Benedict, zomwe zinkadya maluwa ndi zovala zoyanika za anthu. Mbuzi zimenezo zinadyanso ola lathunthu la msonkhano, pakuti aliyense anali ndi chomwe zinamudyera ndipo ankafuna kuchitchula mtundu wake. Dzenje la zinyalala linatenga theka la ola. Ali pa nambala 5, ya mjigo wothyoka, foni ya mayi Anasi inalira. Katundu wawo wa zitenje anali atafika pa boda ndipo woyendetsa galimoto sankafuna kudikira.

"Pepani a Tcheya, ndithamangire. Za msewuzo ine ndili mbali yotseka, mundiwerengere."

"Khalani pang'ono mayi Anasi," anachonderera Felista. "A Tcheya, tidumphe tipite pa nambala 7."

"Ajenda tinaivomereza poyamba paja, ndipo palibe anapempha kusintha," anatero a Timoteyo, maso ali pakope. Mayi Anasi anadikira mphindi zisanu ataimirira pakhomo, foni inaliranso, anapita.

Pofika nambala 7 inali itakwana 5 koloko. Felista anafotokoza mfundo yake, wina anasekonda. Rodrick analankhula za amayi ophika, za ana amene akuphunzira chifukwa cha tchipisi cha madalaivala, za msewu wa kuchigayo womwe umathyola masipuling'i. Sananame pa chilichonse. A Tcheya anaitanitsa manja a ofuna kutseka. Atatu. Osafuna. Atatu.

 Panja thiraki inadutsa, mazenera a sukulu n'kunjenjemera.

"Ndiwaimbire mayi Anasi," anatero Felista, foni ili kale m'manja. "Tonse tawamva ndi makutu athu."

"Foni ilibe dzanja. Ndinamuuza Rodrick zomwezo, ali pompano."

Rodrick anadzikanda m'mutu. Kenako ananena chinthu chomwe palibe ankayembekezera. "Mudala, manje voti ndi yanu. Ine ndavota za mpanda wanga, sindingachitire mwina. Koma mukatseka, sindidzakunenani. Mayi akudwala, ndimawamva akutsokomola ndikamadutsa."

Chitseko chinali chitatseguka mbali zonse. Palibe akanawaloza chala, ngakhale Rodrick amene. A Timoteyo anagwira sipuni. Amati mbalame ikatera pauta siilasika, ndipo onse m'chipindamo ankadikira kuti aone mkuluyo akutsitsa uta. Anaganiza za a Emelda atakhala pabedi la chipatala akufunafuna mpweya. Anaganizanso za mavoti asanu omwe anaponya m'zaka khumi ndi chimodzi, onse okana, ndi nkhope za anthu omwe anawauza kuti lamulo siliona nkhope.

"Manja afanana," anatero. "Wapampando avota kuti zinthu zikhale momwe zinalili. Mfundo yagwa. Mlembi, lembani kuti ibwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi."

Felista analemba, koma cholembera chinaboola pepala. Miyezi isanu ndi umodzi kuchokera mu August ndi February, ndiye kuti chilimwe chonse, September ndi October wa fumbi lenileni. Ena anati a Tcheya ndi munthu wachilungamo. Ena anati ndi wouma mutu. Onse ankanena zoona, ndipo ine ndingawonjezere kuti m'chilungamocho munali kunyada kosachepa.

Nkhani inawatsogolera kunyumba. Anapeza a Emelda kuseri kwa nyumba, komwe fumbi linkafika mochedwerapo, akusenda mtedza ndi kopopera mankhwala kali pamwendo. A Emelda anawapatsa mpando ngati mlendo.

"Ndamva kuti atatu kwa atatu."

"Eya. Mayi Anasi anachoka msanga."

"Anachoka msanga, kapena nkhani inabwera mochedwa?"

A Timoteyo anayamba kufotokoza za lamulo, za mkulu wa imvi wa ku Kachebere, za zomwe zingachitike wapampando akayamba kuvotera khomo lake. A Emelda anawasiya amalize, pakuti nkhaniyo anali ataimva kambirimbiri.

"Bambo a Millicent, lamulo lanu ndikulidziwa, ndine ndinakugulirani kopelo. Koma ndifunse. Anthu atatu andikwezera manja lero. Felista si mwana wanga. Enawo ndimangowapatsa moni. Dzanja lanu linali kuti?"

"Wapampando sakweza dzanja, amake Millicent."

"Chabwino. Wapampandoyo atsale ndi nyumba yake."

Sanakuwe, sanalire. Lolemba Millicent anabwera ndi njinga yamoto ya kabaza, anamangirira chikwama kumbuyo, a Emelda anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kukwera. A Timoteyo anaima pakhonde mpaka fumbi la njingayo linasakanikirana ndi la thiraki. Zinawapweteka kwambiri, ndipo analibe womuuza, poti onse amene akanawamvera chisoni anali m'kalasi muja.

Miyezi imeneyo anaphunzira kuti nyumba ya zipinda zinayi ndi yaikulu. Anagula kheni yothirira dimba n'kuyamba kuthirira msewu kutsogolo kwa nyumba m'mawa ndi masana, maulendo khumi kuchokera pamjigo. Madzi ankauma thiraki yachiwiri isanadutse. Amayi ophika tchipisi ankafunsana kuti a Tcheya adzala chiyani pamsewupo, koma palibe anawafunsa pamaso. Misonkhano anaiyendetsa monga mwa masiku onse. Mu October Felista anayesa kulowetsa msewu pa "zina ndi zina" za kumapeto kwa ajenda, sipuni inalira, iwo n'kumukumbutsa kuti pamenepo pamakambidwa nkhani koma sipavoteredwa. Felista anatseka kope n'kunena kuti akanakhala mayi Emelda, akanapita kutali kuposa Mkanda.

Ku Mkanda a Timoteyo ankapitako kamodzi pa mwezi, pa njinga yawo yakale, maola atatu kupalasa. A Emelda anali atanenepako, chifuwa chili phee. Ankawalandira bwino, kuwapatsa madzi osamba m'manja ndi chakudya, kuwafunsa za nkhuku ndi za komiti, kenako kuwaperekeza mpaka pamsewu. Mvula itagwa mu December, fumbi n'kusanduka matope, a Timoteyo anapita ndi mtima wopepuka.

"Fumbi latha, amake Millicent. Tiyeni kwathu."

"Fumbi latha, koma nkhani sinathe. Munati igone mpaka February, si choncho? Inenso ndigona konkuno mpaka February. Malamulo ndi abwino, bambo a Millicent, ndawaphunzira kwa inu."

A Timoteyo anabwerera okha, mvula ikuwanyowetsa. Njira yonse ankatembenuza mawuwo m'mutu, ndipo anafika kunyumba atamvetsa kuti chomwe mkazi wawo ankadikira sizinali zitsulo ziwiri zokha.

Lachitatu la sabata yoyamba ya February, Felista anabwera ndi ajenda, msewu uli pa nambala 3, nkhope yake ikunena kuti yesani kukhwatchanso muone. A Timoteyo anavala magalasi. Nambala 3 anaisiya. Anatenga cholembera n'kulemba mzere watsopano pakati pa maminitsi ndi msewu: wapampando atula pansi udindo.

"A Tcheya, palibe chifukwa," anatero Felista, ukali wonse utamuthera. "Mayi Anasi alonjeza kuti foni aisiya kunyumba. Tili anayi kwa atatu. Tipambana inu muli pampando pomwepo."

"Ndikudziwa kuwerenga, mwana wanga."

Loweruka, maminitsi atavomerezedwa, anaimirira n'kunena kuti zaka khumi ndi chimodzi zakwana, ndipo akupempha kutsala membala wamba. Malinga ndi kope, wachiwiri ndiye amatenga mpando mpaka chisankho. Ananyamula kapu ndi sipuni n'kuziika patsogolo pa Rodrick, iwo n'kukakhala pa kampando ka ana pakati pa mayi Anasi ndi Felista. Mawondo anawafika pachibwano, ndipo kwa nthawi yoyamba anazindikira chifukwa chake anthu ankafuna misonkhano izitha msanga.

Rodrick anayang'ana sipuni, anayang'ana a Timoteyo, n'kuseka mpaka misozi. "Mudala, manje mwandimanga manja! Wapampando savota." Ena anaseka naye, ena anati Kamzimbi wachenjera pokalamba. Koma aliyense wodziwa kuwerenga anaona kuti voti ya Rodrick sikanasintha kanthu tsiku limenelo.

Pa nambala 3 a Timoteyo anakweza chala kupempha mwayi wolankhula. Rodrick anawapatsa, akudzikoka kolala.

"Zikomo a Tcheya. Ine ndimakhala nyumba yoyamba pamsewu umenewu. Mkazi wanga ali ndi mphumu. Ali ku Mkanda kuyambira August chifukwa cha fumbi, ndi chifukwa cha ine. Ndikufuna abwere. Ndatha."

M'zaka zonsezo anali asanalankhulepo mwachidule chotere. Rodrick anaitanitsa manja a ofuna kutseka. Anakwera asanu. Osafuna, awiri. Sipuni inalira, mwamphamvu kuposa momwe inazolowerera, ndipo Felista analemba kuti zitsulo zikumbiridwe Lachiwiri, amayi ophika apatsidwe malo pafupi ndi geti la mpanda wa Rodrick.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, a Timoteyo anapopa njinga n'kuyamba ulendo wa ku Mkanda. Msewu unali wamatope, m'malo ena ankatsika n'kukankha. Anafika cha m'ma 3 koloko, buluku litada mpaka m'mawondo. A Emelda anali pakhonde la Millicent akusankha nyemba, ndipo sanaimirire.

"Mwafika, a Tcheya."

"Si ine Tcheya. Tcheya ndi Rodrick."

A Emelda anasiya kusankha nyemba. Anawayang'ana kwa nthawi, kuyambira kumatope a kumapazi mpaka kuimvi.

"Kapu ija?"

"Ndamupatsa. Ndi sipuni yomwe."

"Manja angati?"

"Asanu kwa awiri."

"Felista, Anasi, ndi awiri aja. Ndi anayi amenewo. Lachisanu la yani?"

A Timoteyo anayedzamiritsa njinga pamtengo wa mango. Anaima pakati pa bwalo, munthu wa zaka 68, n'kukweza dzanja lamanja m'mwamba, mowongoka, monga ankalamulira ena kuti azikwezera kuti mlembi asavutike kuwerenga. Millicent anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo, anthu odutsa pamsewu anachepetsa liwiro la njinga zawo, koma dzanjalo silinatsike.

"Tsitsani, anthu akuona," anatero a Emelda.

"Simunawerenge."

A Emelda anaika lichero pansi, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Limodzi," anatero. "Millicent, tanditengera chikwama changa chija."